Nkhuku imene amayi anakana kupha

Kuseri kwa tchalitchi chathu, pamene tiyi wa esiteti amathera n'kuyamba mitengo ya bulugamu, pali nyumba yaitali ya njerwa zofiira. Mawindo ake anawaika m'mwamba mwenimweni, moti ngakhale munthu wamtali ataima pamtondo sangasuzumire. Ife tinakula tikuitchula kuti Kochapa. Lero muli mabenchi othyoka, ng'oma yobooka ya akwaya ndi mileme yosawerengeka. Tili ana tinkangodziwa kuti kale munkakhala atsikana amene ankachapa zovala za mabwana a kufakitale. Zoti atsikanawo anali otenga mimba asanakwatiwe, ndipo mpingo unkawatsekera mmenemo kuti alape, tinazimva titakula, nazonso monong'ona. Koma zoti ana obadwira mmenemo ankaperekedwa kwa anthu ena, palibe ankazitchula, ngakhale pamaliro pamene anthu amalankhula zonse.

Amene anavundukula nkhaniyi ndi abusa atsopano. Anabwera zaka zingapo zapitazo, mnyamata ndithu, wa magalasi ndi nsapato zosongoka zosadziwa matope a ku Thyolo. Vuto lawo linali kufunsa. Ankafunsa chifukwa chimene belu lathu lili chitsulo cha tayala la thirakitala, chifukwa chimene akwaya amayambira nyimbo aliyense nthawi yake, chifukwa chimene mawindo a Kochapa ali kudenga. Funso lomalizali wina anawayankha zoona. Lamulungu lotsatira anakwera paguwa n'kunena kuti mpingo wathu unachimwa ndipo uyenera kupepesa. Ife tinazolowera kuti wochimwa amakhala pabenchi, wodzudzula n'kukhala kuguwa, ndiye tonse tinangoti kukamwa yasa.

Komiti inakumana mkati mwa sabata yomweyo. Ine sindili mukomiti. Ntchito yanga ndi kuthyola tiyi wa kampani, ndi kuwaphikira akuluakulu tiyi yemweyo akakhala pamiting'i. Koma ndinabadwa ndi mtima wapachala ndi pakamwa posatseka, ndiye amene wandituma ketulo adziwe kuti maganizo anga abweranso pathireyi yomweyo.

Woyamba kukana anali mkulu wa mpingo, bambo amene anagwira ukapitawo mpaka kupuma. Amavala jekete ngakhale dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, ndipo komboni yonse imawatchula kuti abambo a jekete.

"Abusa, madzi akatayika saoleka," anatero. "Anthu anachita zimenezo anagona kalekale. Inu munali musanabadwe n'komwe. Ndiye mukupepesa ngati ndani?"

"Mlandu suola, bambo," anayankha abusa. "Mabenchi mwakhalirawa anagulidwa ndi manja a atsikana aja. Ngati tinalandira mabenchi, tilandirenso mlandu."

Akuluakulu angapo anasuntha pabenchi ngati layamba kutentha. Abambo a jekete ataona kuti pavuta, anatchera msampha. Anati kwathu kuno munthu sapepesa ndi sore wapakamwa. Amabwera ndi nkhuku. Wolakwiridwa akailandira imaphedwa, onse awiri n'kudyera mbale imodzi, ndipo nkhani imathera pomwepo, osadzaitchulanso. Iwo ankayesa kuti abusa akamva za nkhuku zambirimbiri agwa mphwayi. M'malo mwake abusa anaomba m'manja n'kunena kuti nzeru ngati imeneyi kusukulu yaubusa sanaiphunzire.

Kuyambira pamenepo miting'i inasanduka ya nkhuku. Wina anati igulidwe imodzi yaikulu ya onse, mnzake n'kufunsa kuti nthutumba adzadya ndani. Wina anati tigule mabuloyila poti savuta kupeza, abambo a jekete n'kukalipa kuti kupepesa ndi buloyila n'kutukwana, nkhuku yoti ikathamanga pang'ono imakomoka yokha. Anakangana za tambala ndi thadzi mpaka tiyi anazizira. Ine ndinaika ketulo pansi n'kunena kuti mayi aliyense amene anadutsa Kochapa alandire yake, yachikuda, yamoyo, ndipo akam'patsire pakhomo pake dzuwa likuwala, chifukwa manyazi ankawachititsanso anthu akuona. Anandiombera m'manja. Kudziwa kuti ndi ati sikunavute, pakuti abambo a jekete ali mnyamata ndi amene ankakankha wilibala ya zovala kuchokera kunyumba za mabwana kupita Kochapa, ndipo nkhope anazisunga. Tinaganizira zonse, ngakhale luzi lomangira miyendo. Chimene palibe anachiganiza n'kufunsa eni ake ngati akuifuna nkhukuyo.

Amene sanakhalepo pakomboni ya esiteti sangamvetse. Nyumba zathu ndi zamizere, khoma limodzi mabanja awiri, ndipo ukayetsemula kwanu oyandikana nawe amayamba kukufunira mankhwala. Pofika Loweruka mwana aliyense ankadziwa kuti njinga ya abambo a jekete ikaima pakhomo ili ndi nkhuku pakaliyala, ndiye kuti mayi wa m'nyumbamo anadutsa Kochapa. Anthu anasiya zochapa, ena anasiya ndiwo pamoto, n'kuyamba kuitsatira njingayo ngati galimoto ya ukwati.

Pakhomo loyamba mayi wake anatuluka ndi munsi. Abusa analiyatsa liwiro, nkhuku ikulira pakaliyala, ndipo amuna awo a mayiwo, amene akhala nawo pabanja mpaka kuona zidzukulu zikukwatiwa, anangokhala pansi pakhonde n'kumafunsa aliyense kuti, "Kodi nkhukuyi ndi ya chiyani?" Pakhomo lachiwiri mayi wake anailandirira kuseri mwachangu, ndipo abusa asanamalize pemphero inali itasosoledwa kale. Ine ndinali pampopi ndi anzanga, tikuseka mpaka kugwirana mapewa. Njinga itakhotera mumzere wathu ndinati mwina akufuna kubwereka pampu. Inaima pakhomo panga.

Ndimakhala ndi amayi chimwalirireni abambo. Amayiwo ndi munthu wochepa thupi, wosalankhulalankhula, amene ndinkayesa kuti ndimawadziwa kunja ndi mkati momwe. Tsikulo anali pamphasa akusenda nandolo. Ndinasiya ndowa pampopi n'kuthamanga kuti ndikawauze alendowo kuti asokera. Ndinapeza abusa atagwada kale pamatope ndi thalauza lawo labwino, akulankhula za mpingo, za manyazi, za chikhululukiro. Amayi anawamvetsera mpaka kumapeto osasiya kusenda.

"Ndamva, abusa," anatero. "Nanga mwana wanga ali kuti?"

"Ndili pano, amayi," ndinatero ine chitsiru.

"Sindikunena iwe."

Abambo a jekete anayamba kuyang'anitsitsa matayala a njinga yawo. Amayi anadzuka, anamasula nkhukuyo pakaliyala, yofiira, yaikazi, anaipapasa pachifuwa n'kunena kuti yaonda. Kenako anaimanga mwendo ndi kansalu n'kuimangirira kumtondo.

"Mpeni tabwera nawo, mayi," anatero abambo a jekete motsitsa mawu.

"Mpeni wanga ulipo, wakuthwa. Nkhukuyi ifa tsiku limene mudzandiuze kumene kunapita mwana wanga. Muyende bwino."

Anandifotokozera masana omwewo, nandolo tikusenda awiri. Anali asanamalize pulayimale. Mwamuna amene anawachimwitsa anali kalaliki wa pasikelo yoyezera tiyi, ndipo atangomva za mimba anapempha thiransifa. Amalume awo ndi amene anawaperekeza Kochapa, atawanyamulira okha kamtolo ka zovala. Kumeneko anawameta mpala. Ankachapa kuyambira m'mawa, manja mpaka kung'ambika ndi soda, ndipo Lamulungu ankakhala pansi kumbuyo kwa tchalitchi anthu onse ali pamabenchi. Mwanayo anali wamwamuna, anabadwa nyengo ya chiperoni ali ndi kabanga kakuda kuseri kwa khutu. Anamuyamwitsa mpaka atayamba kuseka. Tsiku lina ametironi, amayi amene ankayang'anira nyumbayo, anawatuma kukayanika nsalu kuseri. Pobwera anapeza mphasa ya mwana itapindidwa. Anangouzidwa kuti wapita kwa anthu opemphera. Mkaka unapitiriza kutuluka n'kumadonthera pamalaya a mabwana, ndipo ankawamenya chifukwa chodetsa zovala.

Ndinapsa mtima kuposa tsiku lililonse la moyo wanga. Ndinalira, ndinatukwana m'Chichewa, mawu atatha ndinapitiriza m'Chilomwe. Ndinatenga machesi kuti ndikatenthe Kochapa, amayi n'kundifunsa kuti mileme yandilakwira chiyani. Mlongo wanga wamng'ono atamva anachokera ku Khonjeni pakabaza. Atafika anandiyang'ana n'kunena kuti, "Ndiye kuti achemwali sindinu woyamba kubadwa eti? Zonse munkatilamula zija zinali zakuba." Amayi anaseka koyamba tsikulo, ine ndinamugenda ndi makoko a nandolo.

Kuyambira pamenepo ndinadwala matenda oyang'ana kuseri kwa makutu a amuna. Aliyense wondiposa pang'ono msinkhu ndinkam'zungulira. Pamzere wa pasikelo, muminibasi, kuchigayo, pamaliro, ine maso ali pamakutu. Woyendetsa thirakitala wina anayesa kuti ndikumufuna, anayamba kusamba kawiri patsiku n'kumandipatsa moni wa mano onse. Wogulitsa nsomba pamsika anandifunsa ngati ndaona nsabwe. Ndinkaseka nawo, koma ndikabwerera kunyumba mtima unkandiwawa, chifukwa ndinali ndi mchimwene amene mwina ndinakangana naye kale pamzere wa kuchigayo osam'dziwa.

Nkhuku ya mpingo, poti anthu anaitcha choncho, inayamba moyo wabwino kuposa wanga. Inkadya madeya, misere ndi mitu ya usipa. Itazolowera anaimasula. Sipanapite nthawi inadziwana ndi tambala wa kumzere wakumunsi, wopanda khalidwe, wosapemphera, ndipo m'mawa wina ndinapeza mazira m'dengu langa lothyolera tiyi. Amayi anaima n'kuiyang'ana nkhukuyo manja ali m'chiuno.

"Popanda ukwati, popanda ankhoswe," anatero. "Kawaitane abusa, nayonso aitengere Kochapa."

Nditatambasula dzanja kuti nditengeko dzira limodzi, anandimenya ndi mthiko. Apa m'pamene ndinamva lamulo latsopano la pakhomo panga: palibe dzira kapena mwanapiye wochoka kwa mayi wake. Osagulitsa, osapatsa mlendo, osadya. Ndinagwira ntchito ndi dengu lobwereka mpaka nkhukuyo itaswa.

Anapiyewo anakula, nawonso anadziwana ndi tambala yemwe uja kapena abale ake. Mvula yotsatira isanagwe, pakhomo panga panalibe popondapo. Nkhuku zinkagona m'khitchini, m'bafa ndi pamwamba pa nkhuni. Zinkalowa munazale ya esiteti n'kupalasa mbande za tiyi, ndipo mlonda ankabwera tsiku ndi tsiku atanyamula imodzi kukhwapa ngati wagwira mbava. Kapitawo wanga anandiitana pasikelo n'kundichenjeza kuti kampani inandipatsa nyumba ya munthu, osati khola. Ndinamuuza kuti akalankhule ndi mpingo, nkhuku si zanga.

Mpingo nawo unagwira njakata. Abambo a jekete ankati poti nkhukuyo sinalandiridwe mwamwambo, idakali ya mpingo, ndiye anapiye onse ndi a mpingo ndipo angathandize pachakudya cha Khirisimasi. Wina anati ayi, kupepesa kwathu ndi kumene kukuchulukana, tizingothokoza. Mphamba atatenga mwanapiye mmodzi, panapezeka wofunsa ngati zimenezo zikutanthauza kuti takhululukidwa pang'ono. Abusa ankangovula magalasi n'kumawapukuta. Ankati akayamba ulaliki wa chikhululukiro, nkhuku ya mpingo n'kudutsa pakhomo la tchalitchi ndi mbumba yake, makosi a anthu onse n'kutembenuka.

Sikuti onse ankaseka. Mayi uja amene yake anadya tsiku lomwelo anabwera kwathu n'kuwauza amayi kuti, "Asisi, ife tinaiwala, tinkagona tulo. Nkhuku zanuzi zikutilirira m'makutu tsiku lililonse." Amayi anayankha kuti, "Yanu munadya, inakoma, sindikukutsutsani. Yanga sinakhwime." Mayiyo anakhala pang'ono, kenako anapempha kuti awaze nawo madeya, ndipo anachoka maso ali ofiira. Mpaka lero sindidziwa kuti mwa awiriwa wolondola anali ndani, ndipo ndikukayika ngati abusa akudziwa.

Ine ndinatopa ndi zitosi. Lamulungu lina titatuluka ndinawatsekereza abambo a jekete pachipata anthu akuona.

"Bambo, inu munkakankha wilibala. Maso munkawasiya kunyumba?"

Ndinkayembekeza kuti akalipa. M'malo mwake anavula chipewa.

"Ndinkaona, mwana wanga. Ndinkaona galimoto zikuima kuseri. Koma ine ndinali wa wilibala."

Kenako anati ametironi aja adakali moyo, akusungidwa ndi mdzukulu wa mchemwali wawo kupitirira Thekerani. Nditafunsa chifukwa chimene sananenere kale, anati ankaopa kuti tikawazunza, munthu wokalamba. Ndinawauza zimene ndinawauza. Sindingazilembe pano, ndipo sizinali zoyenera Lamulungu.

Tinanyamuka m'mawa panjinga zamoto za kabaza. Abusa anakwera yawo, ine ndi amayi yathu, nkhuku ya mpingo ili m'dengu pakati pathu, chifukwa amayi anati yankho likapezeka ifere komweko. Mpeni anaukulunga m'chitenje. Abusa atauona anafunsa mobwerezabwereza ngati ndi wa nkhuku basi. Msewu wa ku Thekerani ndi mapiri okhaokha, ukakwera utsike, ukatsika ukwere, ndipo pachitunda china dengu linatseguka, nkhuku n'kuulukira m'munda wa nthochi. Ndinaona ndi maso angawa m'busa wodzozedwa, kolala ili pakhosi, akukwawa pansi pa nthochi n'kumainyengerera nkhuku ndi mawu aulemu. Mwini munda anatulukira ndi chikwanje, ndipo zinatenga nthawi kum'fotokozera kuti awa si akuba, akungothamangitsa kupepesa kwawo.

Njira yonse ndinkakonza mawu. M'mutu mwanga ametironi anali chimayi chachitali, chamanja akuluakulu. Tinapeza kankhalamba kochepa kali pamphasa padzuwa, maso atayera, kakumung'unya nyemba za kalongonda ndi nkhama zokha. Atamva kulira kwa nkhuku nkhope yawo inawala.

"Mwandibweretsera nkhuku? Ambuye akudalitseni. Iphedwe msanga, ine ndimakonda msuzi."

Amayi anakhala pansi pafupi nawo n'kutchula dzina lawo, la amalume awo ndi la mudzi.

"Ndiwe uja woimba bwino?" anafunsa ametironi.

"Ayi."

"Uja anathawira m'tiyi, tinakam'peza kufakitale?"

"Ayi. Ine wa mwana wamwamuna wa banga kuseri kwa khutu. Wa nthawi ya chiperoni."

Ametironi anakwinya nkhope. Anayesetsa ndithu, ndinaona. Ankakumbukira zambiri. Ankakumbukira galu wa dona wa kufakitale amene ankadya nyama yophika, ndi mmene ankaumitsira makolala a malaya ndi phala la chinangwa. Anaimbanso nyimbo imene atsikana ankaimba pochapa, milomo ya amayi n'kumagwedera nawo osafuna. Koma za ana anati ena ankapita pagalimoto ku Limbe, ena kwa akazi a makapitawo osabereka, ena anaoloka kupita ku Mozambiki. Kuti uyu wapita uku, uyu uko, iwo sankauzidwa.

"Ine ankangoti musambitse, umuveke zoyera. Ndinkasambitsa, ndinkaveka. Anali ambiri, mwana wanga."

Apa pakamwa panga panatseguka pokha. Ndinawafunsa ngati analibe mtima, ngati tulo ankationa, ngati chakudya chinkatsika bwino atapinda mphasa ya mwana wa mnzawo. Abusa anandikoka chitenje, ndinawakankha dzanja. Ametironi anatembenukira kumene kunkachokera mawu anga.

"Wanganso ndinamusambitsa ndekha," anatero. "Wamkazi. Ndinalowa muja ndi mimba ngati mayi akowa. Kwathu anandikana, ndiye ndinatsala, anandipatsa makiyi." Kenako anafunsa ngati nkhuku ija yaphedwa.

Ndinakhala pansi. Mkwiyo ndinali nawo wonse, wosachepa ngakhale pang'ono, koma ndinasowa poutula. Makiyi anagwira ndi iwo, ndodo anagwira ndi iwo, zimenezo sindinawachotsere ndipo sindidzawachotsera. Koma amene ankatumiza galimoto, amene ankalalikira, amalume amene ankanyamula mitolo, makalaliki amene ankapempha thiransifa, onsewo anamwalira bwinobwino n'kuikidwa ndi nyimbo za kwaya. Ife anatisiyira nkhalamba yosaona yofuna msuzi.

Tili chikhalire choncho, kunyumba yoyandikana kunamveka nthungululu. Mtsikana wa pamenepo anali atangochira, ndipo amayi a m'mudzimo ankabwera kudzaona mwana, wina mtolo wa nkhuni uli pamutu, wina sopo, wina kambale ka ufa. Amayi anga anatembenuka n'kumaonerera mpaka womaliza atalowa. Kenako anadzuka, anasasa chitenje, anatsanzika ametironi mwaulemu wonse n'kunyamula dengu. Tikuchoka tinkamva kumbuyo akudandaula kuti alendo a masiku ano amabwera ndi nkhuku n'kubwerera nayo.

Tikudikira akabaza pamsewu, amayi analankhula osayang'ana munthu.

"Abusa, ine nditachira palibe anabwera kudzaona mwana. Ngakhale kachidutswa ka sopo. Palibe anandifunsa kuti ndi mwana wanji. Muwauze amayi a mpingo abwere."

Abusa anati, "Koma mayi, mwanayo..."

"Ndikudziwa kuti palibe. Sindinapenge. Abwere basi, ngati mmene amapitira kwa aliyense."

"Ndiye akabwera, nkhukuyi..."

"Nkhuku isiyeni. Imeneyo ndi ya kumene anapita, ndipo simunandiuze."

Bungwe la amayi nalo linakangana kokwanira. Ena ankati ndi zamasewera, tikaseketsa anthu. Ena ankafunsa kuti anyamule chiyani, poti mwanayo ngati ali moyo wayamba imvi. Amayi apampando, munthu wamawu omveka mpaka kufakitale, anagamula kuti mwambo ndi mwambo: nkhuni, sopo, ufa. Wina anaumirira kugula matewera. Wina anapita pakaunjika n'kusankha shati ya munthu wamkulu, yamizeremizere, akuti poti mwanayo wakula.

Anabwera Loweruka m'mawa kukuwaza kamvula, atavala yunifolomu, akuimba kuchokera kumpopi. Nkhuku zinabalalika mbali zonse, ina inakatera pamtolo wa nkhuni uli pamutu pa munthu. Komboni yonse inatuluka. Ine ndinkaseka pakhonde, sindikana, makamaka nditaona matewera. Amayi anali m'nyumba pamphasa atatambasula miyendo, mpango uli kumutu, atafunda bulangeti mmene amakhalira munthu amene wangochira. Palibe anawauza kuti atero.

Amayi apampando anagwada pakhomo n'kuomba m'manja.

"Odi kuno! Tamva kuti kwabwera mlendo."

"Lowani," anatero amayi.

Analowa ochepa, ena anadzaza pakhomo ndi pawindo. Anatula nkhuni, sopo, ufa, matewera ndi shati, chimodzichimodzi pambali pa mphasa.

"Mwachira bwanji, mayi?" anafunsa amayi apampando.

"Ndachira bwino."

"Tithokoze Ambuye. Nanga ndi mwana wanji?"

Kuseka kwanga kunali kutatha, sindikudziwa kuti kunathera pati.

"Wamwamuna," anatero amayi.

Nthungululu zimene zinamveka pamenepo sindinazimvepo paukwati uliwonse. Ena ankalulutira misozi ikutsika, ndipo ndinadziwa kuti sankalulutira mwana wa amayi anga yekha. Amayi apampando nawo anaiwala. Chizolowezi chinawatsogolera, anasendera pafupi n'kutambasula manja awiri kuti alandire mwana, monga amachitira m'nyumba iliyonse. Anazindikira manja ali kale m'malere, ndipo anasowa kuti awabweze bwanji.

Amayi anayang'ana manjawo nthawi yaitali. Kenako anawagwira onse awiri n'kuwatsitsa pang'onopang'ono pabulangeti.

"Musadandaule," anatero. "Anali wolemera. Mukanatopa naye."